Buku Loyera: zimene ndaona nditawawerengera amayi kwa chaka chathunthu

Ndinagula Buku Loyera chifukwa cha amayi anga. Ineyo pandekha sindinkasowa Baibulo lina. M'nyumba mwathu kuno ku Mponela muli kale Mabaibulo atatu, onse Buku Lopatulika, ndipo limodzi ndi la malemu abambo, limene ndinachita kulisokera chikuto cha nsalu pamakina anga kuti masamba asamathothoke. Ndine telala, komanso mayi wa Chigwirizano mu mpingo wa CCAP, Sinodi ya Nkhoma. Mavesi onse amene ndinaloweza m'kalasi ndisanabatizidwe ndi a m'Buku Lopatulika, ndipo mpaka lero ndikadzidzimuka usiku, mawu amene amabwera okha pakamwa ndi akuti "Yehova ndiye mbusa wanga; sindidzasowa." Ndanena zimenezi poyamba kuti wowerenga adziwe kumene ndaima pamene ndikuyamikira Buku Loyera.

Mlongo wanga, mzime wa amayi, anatisiya zaka ziwiri zapitazo atadwala miyezi yochepa chabe. Pamaliro, kuseri kwa chisimba kumene tinkaphikira, munthu wina anayankhula mawu akuti zinthu zoterezi zimakhala ndi pochokera. Amayi anamva. Kalekale, mlongo wangayo ali khanda, anadwala kwambiri ndipo amayi anapita naye kwa sing'anga mobisa. Nkhani inamveka, anaimitsidwa kudya mgonero, anatha nthawi ya chilango, nabwezeretsedwa. Ife tonse tinaiwala. Iwo ayi. Chichokereni kumanda anayamba kunena kuti Mulungu anangosunga mlandu uja zaka zonsezi, ndipo tsopano wabwera kudzatenga ngongole yake. Analeka kuvala yunifolomu ya Chigwirizano. Kutchalitchi ankapita, koma ankakhala kumbuyo kwenikweni pafupi ndi khomo. Nditawatenga kudzakhala nane, ndinkawamva usiku akupemphera pemphero limodzi lokha, lopempha kuti chilango chithere pa iwo, chisafike pa adzukulu.

Maso awo anafooka, choncho wowawerengera ndine. Ndinkawerenga Buku Lopatulika madzulo alionse, iwo n'kumatsatira ndi milomo chifukwa mbali zambiri amazidziwa pamtima. Koma ndinaona kuti mawuwo ankangodutsa ngati madzi pa tsamba la koko. Ankawadziwa kwambiri moti analeka kuwamva. Mnzanga wina wa Katolika amene timagulira limodzi nsalu ku Lilongwe ndiye anandiuza kuti ndiyese Buku Loyera, lomwe iwo amawerenga ku limana. Ndinakaligula m'sitolo ya mabuku achikhristu konko ku Lilongwe, pa ndalama imene ndinapeza nditasoka mayunifolomu a ana a sukulu.

Kwa amene sakulidziwa: Buku Loyera linatuluka m'chaka cha 1998 kudzera ku Bible Society, ndipo pa ntchito yomasulira anakhalira pamodzi Akatolika ndi a mipingo ina. Lisanabwere, ife tinali ndi Buku Lopatulika la 1922, limene ntchito yake yaikulu anaigwira William Murray ndi anzake, ndipo anthu a kwathu kuno ku Dowa timanyadira kuti mbali ya ntchitoyo inachitikira pa phiri la Kaso ku Mvera. Akatolika anali ndi lawo, Malembo Oyera, la 1966. Tsono pakati pa Buku Lopatulika ndi Buku Loyera pali zaka 76, ndipo chiyankhulo sichiima malo amodzi zaka zonsezo. Pogula muonetsetse, chifukwa lilipo la mitundu iwiri. Lina lili ndi mabuku owonjezera amene Akatolika amawerenga, monga Tobiti, Yuditi ndi Amakabeo, pamene lina lili ndi mabuku 66 amene ife tinazolowera. Ine ndinatenga lachiwirili.

Chinthu choyamba chimene ndinaona ndi choti limawerengeka mokweza popanda kupunthwa. Ziganizo zake n'zazifupi, ndipo nkhani imayenda monga momwe munthu angakufotokozere pakhonde. Zija za "ndipo kunali" ndi "nati kwa iye" mulibe. Ndime zili ndi timitu tosonyeza zimene zikubwera, Masalimo anasanjidwa m'mizere ngati ndakatulo, ndipo m'munsi mwa masamba muli timawu tothandiza. Mayina ena a mabuku anasintha, mwachitsanzo Machitidwe a Atumwi muno ndi Ntchito za Atumwi. Muli chilembo chija cha ŵ chimene ana a masiku ano sachiona kusukulu. Mdzukulu wanga ankaima nacho masiku oyamba, koma atamva kuti chimangotchulidwa mofewa, anapitirira. Zimenezi n'zabwino, koma si zimene zandilembetsa.

Zimene zandilembetsa zinachitika titafika pa Eksodo 34, pamene Mose ali m'phiri ndipo Mulungu akudutsa pamaso pake akudzitchula yekha kuti ndi wotani. Abusa athu amakonda kunena kuti ukafuna kudziwa khalidwe la Mulungu uyambire pamenepa, chifukwa si mneneri kapena mlaliki amene akumufotokoza, ndi mwini wake. Buku Lopatulika pa vesi 6 limati: "Yehova, Yehova, Mulungu wachifundo ndi wachisomo, wolekereza, ndi wa ukoma mtima wochuluka, ndi wachoonadi." Vesi limeneli amayi amalidziwa kuyambira ali mtsikana. Nditawerenga m'Buku Loyera, pamalo pa liwu lija lakuti wolekereza panali mawu osavuta, onena kuti Mulungu sakwiya msanga, ndiponso kuti chikondi chake sichisinthika. Amayi anandigwira dzanja.

"Bwereza pamenepo, NaBanda."

Ndinabwereza. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Kani kulekereza kuja ndi kumeneku?"

Nditawafunsa kuti iwo ankamva chiyani zaka zonsezi, anandiuza kuti ankati wolekereza ndi amene amakusiya, kumangokuyang'ana uku ukuchulukitsa milandu, kuti tsiku lina adzakukanthe bwino. Kwathu tikati kholo likulekerera mwana, sitikuliyamikira. Omasulira akale sanalakwitse, pa nthawi yawo liwulo linkanena za kuleza mtima. Koma liwu linasuntha, ndipo mayi wina wa ku Dowa anakhala zaka makumi ambiri atanyamula chithunzi cha Mulungu wobisalira anthu, chochokera pa vesi lomwe linalembedwa kuti limutonthoze. Zinandipweteka mtima kwambiri usiku umenewo.

Pali mawu enanso otere. M'Masalimo a Buku Lopatulika mumapezeka kawirikawiri mawu akuti "nsoni zokoma", monga pa Salimo 51 pamene Davide akupempha kuti machimo ake afafanizidwe. Ine ndinaloweza mawu amenewa ndili mwana osadziwa kuti akunena za chifundo. Nsoni kwa ine zinali manyazi. Abusa atabwera kudzacheza ndi amayi anatifotokozera kuti m'Chihebri, liwu limene lili kuseri kwa mawu amenewa ndi la pa banja limodzi ndi liwu lotanthauza chiberekero, ndiye kuti ndi chifundo chija chimene mayi amachimva m'mimba akaona mwana wake akuvutika. Anatinso mawu aja akuti wosakwiya msanga, m'Chihebri amamveka ngati kunena kuti wa mphuno zazitali, chifukwa kwa Ayuda mkwiyo unkaonekera pa mphuno, ndipo wa mphuno zazitali amatenga nthawi kuti utsi utuluke. Amayi anaseka, kuseka koyamba kuchokera pamaliro.

Wina angaganize kuti Baibulo losavuta kumva ndi Baibulo lofewetsedwa, loti anachotsamo minga. Ndinali ndi mantha omwewo, ndipo ndinapeza yankho pa vesi lotsatira lomwelo. Eksodo 34:7 imanena kuti Mulungu amakhululuka, komanso kuti salekerera wolakwa osalangidwa, ndipo amalanga ana ndi zidzukulu chifukwa cha machimo a makolo mpaka mbadwo wachitatu ndi wachinayi. Buku Loyera silinabise zimenezi. Linazinena momveka kuposa kale, moti ndinalakalaka ndikanadumpha mzerewo. Sindinadumphe, chifukwa amayi akanadziwa.

"Wamvatu," anatero. "Si zomwe ndimanena zija?"

Apa ndiye pamene ndinaphunzira kuti palibe Baibulo, kaya lakale kaya latsopano, limene lingakudziwitse Mulungu ndi vesi limodzi. Tinatha pafupifupi mwezi tikuzungulira pa nkhani imeneyi. Ndinawaonetsa kuti m'vesi lomwelo chilango chili ndi malire a mibadwo itatu kapena inayi, pamene chikondi akuchiwerengera m'zikwi. Tinawerenga Ezekiele 18, pamene Mulungu akukana mwambi wa Aisraele woti makolo adya mphesa zosapsa koma mano oyayamira ndi a ana, ndipo akunena kuti mwana sadzasenza tchimo la atate wake. Chaputala chimenechi m'Buku Loyera chimamveka ngati mlandu wa pabwalo la mfumu, mbali iyi ikuyankhula, inayo ikuyankha. Kenako tinafika pa Yohane 9, pamene ophunzira aona munthu wobadwa wosaona n'kufunsa Yesu kuti anachimwa ndani, iyeyu kapena makolo ake. Funso lake ndi lomwe lija la kuseri kwa chisimba. Yesu anayankha kuti sanachimwe iyeyo, ngakhale makolo ake. Amayi anandiuza kuti ndiike kansalu pa tsamba limenelo, ndipo kachidutswa ka chitenje kali pomwepo mpaka lero.

Sindikunena kuti mantha awo anathera pamenepo. Munthu amene wakhala akuopa zaka makumi anayi sasintha ndi chaputala chimodzi. Chimene chinathandiza kwambiri ndi kuwerenga Uthenga Wabwino wa Luka wonse, kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, chaputala chimodzi usiku uliwonse, osadumphadumpha. Apa ndi pamene Buku Loyera limaposa. Chifukwa choti chiyankhulo chake sichikutopetsa, umatha kuwerenga nkhani yaitali n'kuona khalidwe la munthu likubwerezabwereza: Yesu akukhudza wakhate, akuimitsa maliro a mwana wa mayi wamasiye pa chipata cha Naini, akudya kwa Zakeyo, akuyankha chigawenga pa mtanda. Yesu anauza Filipo pa Yohane 14 kuti amene waona Iye waona Atate. Amayi vesi limenelo ankalidziwa, koma mumtima mwawo munali Milungu iwiri, Mwana wachifundo ndi Atate wosunga mangawa, ngati kuti Mwanayo amachita kutitchinjiriza kwa bambo wolusa. Ndikuganiza kuti Akhristu ambiri tili choncho osadziwa. Titafika pa Luka 15, pa bambo uja woona mwana wake akali patali n'kumuthamangira, amayi anafunsa okha kuti, "Ndiye kuti bamboyu ndi Atate amene?" Ndinati inde amayi, ndipo amene akufotokoza nkhaniyi ndi Mwana wawo, amene amawadziwa kuposa wina aliyense. Anati kwathu bambo wamkulu sathamanga, amakhala pampando n'kudikira kuti wolakwa abwere ndi nkhoswe.

Tsopano nkhani ya dzina, chifukwa aliyense wogula bukuli adzakumana nayo pa tsamba lachiwiri lomwe. Paliponse pamene Buku Lopatulika limati Yehova, Buku Loyera limati Chauta. Dzinali limapezeka m'Chipangano Chakale kopitirira ka 6,800, choncho si kusintha kwakung'ono. Salimo 23 imayamba kuti "Chauta ndiye mbusa wanga." Malume anga, amene akhala mkulu wa mpingo zaka zambiri, atamva ndikuwerenga anakwinya nkhope.

"Mwana wa mlongo wanga, Chauta ameneyu si uja makolo ankamuthirira nsembe pansi pa mtengo popempha mvula? Ife tinatulukako kumeneko. Ukutibwezeranso?"

Sindinawapeputse, ndipo sindikufuna kuti wowerenga awapeputse. Iwo anakana zambiri kuti akhale Mkhristu, ndipo dzina lakuti Yehova linali chizindikiro cha moyo watsopano. N'zoona kuti Chauta ndi dzina limene Achewa ankatchula kale amishonale asanafike, ku malo opembedzera ngati ku Msinja kumene kunali Makewana, ndiponso m'nthano ya ku Kaphirintiwa ya chiyambi cha anthu. Koma ndinawayankha mwaulemu kuti, "Malume, nanga dzina lakuti Mulungu analibweretsa ndani? Nanga kachisi, nsembe, wansembe?" Mawu onsewa makolo anali nawo, ndipo omasulira a 1922 anawatenga n'kuwalowetsa m'Baibulo. Kachisi anali kanyumba ka nsembe kumudzi asanakhale kachisi wa Solomoni. Ndiponso abusa anatiuza kuti Ayuda enieniwo dzina la Mulungu la m'Chihebri sankalitchula, powerenga ankanena liwu lotanthauza Ambuye, ndipo katchulidwe kakuti Yehova kanabwera pambuyo pake posakaniza zilembo za mawu awiriwo.

Maganizo anga ndi awa. Dzina lakuti Chauta lili ndi phindu komanso lili ndi mtengo wake. Phindu lake ndinaliona pa amayi. Kwa iwo Yehova anali wa m'tchalitchi, wa pa bwalo la akulu a mpingo, amene anawaimitsa mgonero. Chauta anali amene agogo awo ankamutchula mvula yoyamba ikagwa, wopatsa ana ndi chakudya. Atamva kuti amene akuyankhula ndi Mose m'chitsamba choyaka moto ndi Chauta, zinthu ziwiri zimene zinali zolekana mumtima mwawo zinakumana. Titawerenga za utawaleza pa Genesis 9, anandikumbutsa okha kuti m'dzina la Chauta muli uta. Mtengo wake ndi wakuti munthu angathe kulowa m'Baibulo ndi Chauta wa m'maganizo mwake, wakutali, wofikiridwa kudzera mwa mizimu ya makolo, osalola kuti Baibulo limuuze kuti Chauta ameneyu ndi amene anatulutsa Aisraele ku Ejipito, amene amadana ndi kupondereza amasiye, amene anabwera yekha mwa Yesu. Dzina lodziwika limatsegula khomo, koma mwini dzina uyenera kumumvera adzifotokoze. Malume sanagonje, ndipo ine sindinawakakamize. Akabwera kwathu ndimawerenga la abambo lija.

Pali zina zimene ndiyenera kuchenjeza ogula. Ngati mpingo wanu umawerenga Buku Lopatulika pa guwa, musayembekeze kutsatira liwu ndi liwu muli ndi Buku Loyera m'manja. Tsiku lina ku mlaga tinkawerenga molandizana, vesi ili uyu, linalo uyo, ndipo itafika nthawi yanga anthu anadzutsa mitu kuganiza kuti ndasochera tsamba. Chachiwiri, pa kuloweza, lakale lija lili ndi kayendedwe kake kamene kamakhazikika m'mutu ngati nyimbo. "Pakuti chifundo chake nchosatha" sindingakusinthanitse ndi china chilichonse. Pamene Buku Loyera lamasula mfundo kuti imveke, nthawi zina mawu amachuluka ndipo kulemera kwina kumachepa. Makalata a Paulo ndiwo amapindula kwambiri ndi kumasulako, chifukwa Aroma m'Buku Lopatulika ndinkangowerenga mwa mwambo osatolapo kanthu, koma m'Masalimo ena ndimabwerera kwakale. Madzi saiwala khwawa. Chachitatu, kumasulira kulikonse kofuna kumveka bwino kumasankha tanthauzo limodzi pamene mawu oyambirira angakhale ndi awiri, choncho amene akukonzekera kulalikira kapena kuphunzitsa ku Chigwirizano aziika mabuku onse awiri patebulo. Mwana wanga anandiikira onse pa foni kudzera pa pulogalamu ya Baibulo yotchedwa YouVersion, ndipo ndikakhala kushopu ndimatha kuyerekeza vesi uku ndikudikira makasitomala. Komabe kwa amayi foni si Baibulo. Amafuna amve masamba akutembenuzidwa.

Ndani amene ndingamulimbikitse kugula? Aliyense amene amawerengera munthu wina mokweza: wodwala, wokalamba, ana. Wachinyamata amene amati Baibulo la Chichewa ndi lovuta n'kuthawira ku la Chingerezi limene salimvetsanso bwino. Komanso munthu wonga ine, amene anakulira m'mawu opatulika mpaka kufika poleka kuwafunsa kuti akutanthauza chiyani. Sindinadziwe kuti nanenso ndinali ndi mbali zina za Mulungu zimene ndinkangoziganizira, mpaka pamene ndinamva Yona akudandaula m'Chichewa cha tsiku ndi tsiku kuti anathawa chifukwa ankadziwa kuti Mulungu ndi wachifundo ndipo akhululukira anthu a ku Ninive. Mneneri akukwiya chifukwa Mulungu ndi wabwino mopitirira muyeso umene iye ankafuna. Ndinaganiza za munthu uja wa pamaliro, amene ndinali ndisanamukhululukire, ndipo ndinatseka buku osamaliza chaputala. Ndinakamuona patapita milungu iwiri.

Amayi masiku ena amadzukabe ndi mtima wolemera, makamaka mwezi umene mlongo wanga anamwalira ukayandikira. Pemphero lija lopempha kuti chilango chithere pa iwo sindinalimvenso chiyambire nyengo ya dzinja. Mwezi wathawu anandipempha kuti ndiwabwezere m'chiuno siketi yawo ya Chigwirizano, chifukwa anaonda ndipo inkagwa. Ndinaisoka usiku womwewo. Lachinayi lotsatira tinapita limodzi, ndipo pobwera anandiuza kuti ndikapitanso ku Lilongwe kukagula nsalu, ndikatenge Buku Loyera lina la amayi aang'ono a ku Madisi, amene nawonso anaika ana awiri m'manda.

"Koma ukawauze," anatero, "ayambire pa Luka. Eksodo adzafikako pambuyo, ndipo tsiku limenelo ndikufuna ndidzakhalepo."